Foni Yobwereka, Dzina la Mwana: Mapazi a pa Intaneti ku Petauke ndi ku Nyimba

Mwana wa sukulu wa ku Nyimba kapena ku Petauke amapezeka pa intaneti asanagwireko foni yakeyake. Dzina lake, tsiku limene anabadwa ndi nambala yake ya mayeso zili m'makompyuta a bungwe la Examinations Council of Zambia, ndipo zotsatira zikatuluka aliyense wodziwa nambalayo angathe kutumiza uthenga ku 8383 n'kuona mmene mwanayo wakhozera. Nkhope yake ili pa gulu la WhatsApp la makolo, m'chithunzi chimene aphunzitsi anajambula tsiku lotsekera sukulu. Mawu ake ali m'kanema wa kwaya ya kutchalitchi amene mtsogoleri wa achinyamata anaika pa Facebook. Azakhali ake a ku Lusaka anamuika pa sitetasi pomufunira zabwino tsiku lake lobadwa, dzina lonse ndi zaka zomwe. Pa zonsezi palibe pamene mwanayo anafunsidwa.

Zotsalira zoterezi ndi zimene zikutchedwa mapazi a pa intaneti: chilichonse chonena za munthu chimene chimasungika iye akagwiritsa ntchito foni kapena kompyuta, ngakhalenso anthu ena akalemba, kujambula kapena kulembetsa zinthu m'dzina lake. Masiku ano pali kulimbikitsana kwakukulu kuti ana asukulu aziphunzitsidwa kusamala mapazi amenewa, ndipo n'zoyenera. Koma uphungu wambiri umene umatifika unakonzedwera mwana wokhala ndi foni yake, chipinda chake ndi pasiwedi imene akuidziwa yekha, n'chifukwa chake umangothera pa mawu akuti "uziganiza usanaposite." Mwana wa ku Kacholola, ku Chipembe kapena ku Minga sakhala choncho. Foni imene amagwira ndi yobwereka, laini ili m'dzina la munthu wina, ndipo mapazi ake ambiri amamusiyira ndi akuluakulu amene amamukonda. Phunziro limene siliyambira pamenepa limangodutsa pamwamba.

Ana ambiri, ngakhale akuluakulu amene, amaganiza kuti mapaziwa ndi zokhazo zooneka ndi maso: chithunzi, ndemanga, kanema wa pa TikTok. Zosaoneka ndiye zambiri. Ku Zambia laini iliyonse imalembetsedwa ndi reji, chiphaso cha unzika, choncho nambala ya foni imamangirizidwa ku dzina ndi chiphaso cha munthu. Foni ikayaka imalumikizana ndi nsanja ya netiweki yapafupi, ndiye a MTN, Airtel kapena Zamtel amadziwa dera limene foniyo inali pa nthawi yakutiyakuti. Foniyo payokha ili ndi nambala yake ya IMEI, imene siisintha ngakhale mutasintha laini kangati. Ndalama iliyonse yotumizidwa pa Airtel Money kapena MoMo imasiya tsiku, ola, kuchuluka kwake ndi nambala yolandira. Ma app ambiri amapempha chilolezo choona manambala onse a m'foni, zithunzi ndi malo amene muli, ndipo munthu amangodina kuvomera poti akufulumira.

Makampani ngati Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, komanso Google ndi TikTok, amadya ndalama za otsatsa malonda. Kuti malonda afike kwa munthu woyenera, amasonkhanitsa zimene munthuyo amakonda, zimene wafufuza, kanema amene waonera mpaka kumapeto ndi amene walumpha. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga zokhudza anthu mpaka 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri mwa iwo asakudziwa, kudzera pa ka app ka mafunso kamene anzawo anadina. Chimene mwana ayenera kutolapo n'chakuti mnzako akadina, nawenso ukhoza kutengedwera pomwepo. Komanso kufufuta chinthu m'foni yako sikuchichotsa m'foni za amene anachilandira kale kapena kuchijambula sikirinishoti. Mapazi a pa fumbi la njira ya kumunda mvula imawafafaniza, koma awa ali ngati a nkhuku imene inaponda simenti yaiwisi pakhonde: amaoneka mpaka nyumbayo idzagwe.

Kafukufuku wa ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, anapeza kuti mu 2022 anthu 25 pa 100 aliwonse m'dziko muno anali atagwiritsapo ntchito intaneti, pamene mu 2018 anali 14 pa 100, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kuposa m'tauni. M'maboma ngati athuwa, foni yaikulu imodzi imatumikira nyumba yonse, nthawi zina ndi oyandikana nawo. Madzulo mtsikana amati, "Amalume, ndibwerekeniko foni ndione homuweki pa gulu." Amaonadi homuwekiyo, kenaka n'kulowa pa Facebook yake kuyankha mauthenga awiri atatu. Amalume akaitana kuti akufuna kuimba, amabweza foni mofulumira osatulukamo mu akaunti. Mawa lake foniyo ili pa shopu ya sola kokatchajitsa, mkuja ili m'manja mwa msuweni. Aliyense mwa anthu amenewa angathe kuwerenga zimene mtsikanayo analemberana ndi anzake, ngakhalenso kulemba zina m'dzina lake, ndipo olandira sangadziwe kuti si iye.

Vutoli limayambira patali. Reji imatengedwa munthu akakwanitsa zaka 16, ndiye mwana wocheperapo amagwiritsa ntchito laini ya amayi ake kapena ya mkulu wake. Akaunti yake yoyamba kawirikawiri satsegula yekha. Amamutsegulira mnzake wodziwa zinthu, kapena mnyamata wa pa msika amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi, ndipo ndi yemweyo amene amasankha pasiwedi, nthawi zambiri chaka chobadwa kapena nambala ya foni yomweyo. Ubwenzi ukatha, pasiwedi imatsala m'mutu mwa mnzake uja. Laini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo nambala yachinsinsi yobwezeretsera akaunti imayamba kupita kwa mlendo. Foni ikafa imapita kwa wokonza ili ndi zonse m'kati; ikagulitsidwa chifukwa cha njala kapena feteleza, imapita ndi zithunzi za banja lonse.

N'chifukwa chake malire a zaka, ngakhale ndi abwino, satithandiza mokwanira kuno. Facebook, TikTok ndi WhatsApp amati munthu azikhala ndi zaka zosachepera 13, ndipo mu Novembala 2024 nyumba ya malamulo ya ku Australia inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa malo ochezera ngati Facebook ndi TikTok. Koma foni ikakhala ya amalume a zaka 40, makina amaona amalumewo, osati mwana amene waigwira.

Amene anaimako pa siteji ya mabasi ku Nyimba, pamene amayi amathamangira mabasi a ku Chipata ndi ku Lusaka atasenza nthochi, amadziwa mmene timabuthi ta ndalama tandandalikirana m'mphepete mwa msewu wa Great East. Amene amatumidwa kumeneko kawirikawiri ndi ana asukulu, poti ndiwo odziwa kuwerenga. Agogo amapereka foni pamodzi ndi pini yolembedwa pa kapepala. Mwana akafika amapatsira foni kwa wa m'buthi, n'kutchula piniyo mokweza, anthu ali pamzere kumbuyo kwake. Pa kauntala pali buku lotsegula, lodzaza maina ndi manambala a amene abwera tsikulo. Palibe amene akuganiza zoipa, ndipo ambiri mwa achinyamata ogwira ntchito m'timabuthiti ndi okhulupirika. Koma wakuba safuna zambiri. Uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" pafupifupi aliyense anaulandirapo. Woopsa kwambiri ndi woimba foni amene akudziwa dzina la mwana ndi sukulu yake, n'kuuza kholo kuti mwana wadwala mwadzidzidzi ku boding'i, pakufunika ndalama msanga. Dzina ndi sukuluyo amazitola pa chithunzi cha yunifolomu chimene banja linaika poyera chifukwa cha chimwemwe.

Kuba kotereku kunasanduka ntchito yokhala ndi maofesi. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission ndi apolisi anathyola kampani ina ku Roma mu Lusaka, n'kugwira anthu 77 ndi makhadi a SIM oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a ku Zambia amene analembedwa ntchito yoimba mafoni ndi kutumiza mauthenga, ndipo mu Juni chaka chomwecho nzika za ku China zimene zinali m'gululi zinalamulidwa kukhala m'ndende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Kuchuluka kwa makhadiwo kukutikumbutsa kuti akuba amasaka malaini olembetsedwa m'maina a anthu ena. Apa ndi pamene wophunzira amene wangotenga reji ayenera kuchenjezedwa mosapita m'mbali. Munthu akamupatsa ndalama ya sopo kuti abwereke reji kapena amulembetsere laini, mlandu uliwonse wochitidwa ndi lainiyo udzalondola dzina la mwini reji. Apolisi akamafufuza amayambira pa chiphaso. Kuimba *101# kumathandiza munthu kuona mmene laini yalembetsedwera, ndipo *707# ndi njira imene ZICTA inakhazikitsa yonenezera manambala a akuba. Manambala awiriwa mwana aliyense wa sekondale ayenera kuwadziwa pamtima.

Pali makomo enanso ang'onoang'ono. Wophunzira amene wamaliza sukulu amapita pa shopu ya makompyuta pa boma kukajambulitsa reji ndi satifiketi kuti afunsire malo ku koleji kapena ngongole ya maphunziro, ndipo mapepalawo amatsala pa kompyuta imene mawa adzagwiritsa ntchito munthu wina. Ma app ena a kaloba, asanapereke ngongole, amapempha manambala onse a m'foni. Wobwereka akachedwa kubweza, mauthenga omuchititsa manyazi amapita kwa abale, aphunzitsi ndi abusa. Anyamata amene ayamba kubetcha mpira ndi laini ya amayi awo akusiya mbiri ya juga m'dzina la mayi amene sadziwa n'komwe kuti zikuchitika.

Koma chimene chimapweteka kwambiri, ndipo chimene sitikonda kuchikamba, ndi zithunzi za atsikana. Zimayamba ndi chikhulupiriro. Mnyamata, kapena bambo wamkulu amene wakhala akugulira mtsikana tokotaimu ndi mabando, amapempha chithunzi chamseri n'kulonjeza kuti achifufuta akangoona. Nthawi zina salinso munthu wodziwika, ndi akaunti yabodza yokhala ndi nkhope yobedwa. Chithunzi chikangopita, mphamvu zonse zapita nacho. Pamabwera kuopseza: utumize china, utumize ndalama, ubwere tikumane, apo ayi ndichiika pa gulu. Ku Lusaka munthu akhoza kusamukira komboni ina n'kuyambiranso. Pa Petauke kapena pa Nyimba aliyense amadziwa mwana wa ndani. Nkhani ikafalikira m'mawa, pofika masana yafika kumsika, kutchalitchi ndi kwa agogo kumudzi. Masiku ano palinso mapulogalamu amene amatenga chithunzi chabwinobwino cha pa sitetasi n'kuchisandutsa cholaula, choncho ngakhale mwana amene sanatumizepo kanthu akhoza kunamiziridwa.

Zikatere, anthufe timathamangira kudzudzula mtsikana. Amachotsedwa mu kwaya, amaitanidwa ku ofesi ya ahedi, anzake amamunena mpaka amaleka sukulu. Amene anafalitsa chithunzicho, ndi ambirimbiri amene anachitumiza kwa anzawo, amayenda momasuka. Izi n'zopotoka. Malamulo a Zambia amaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zolaula, ndipo zikakhala za mwana mlanduwo ndi waukulu kwambiri; lamulo la Children's Code Act la 2022 limateteza aliyense wa zaka 18 kapena kucheperapo. Wotumiza chithunzi chotere pa gulu, ngakhale atanena kuti amangochenjeza anzake, wapalamula. Anyamata athu ayenera kumva zimenezi momveka bwino, chifukwa maphunziro a za intaneti akamalunjika atsikana okha, anyamata amatolapo kuti nkhaniyi siiwakhudza.

Mu 1997 dziko lino linavomereza kuti mtsikana amene watenga mimba azibwerera ku sukulu akabereka. Panali otsutsa ambiri, koma mfundo yake inali yakuti kulakwitsa kwa mwana kusatseke tsogolo lake lonse. Mtima womwewo ukufunika pa nkhani ya zithunzi. Mwana amene akuopsezedwa amabisa chifukwa amaopa chikwapu ndi manyazi kuposa mmene amaopera womuopsezayo, ndipo kubisako ndi kumene woopseza amadalira. Ayenera kudziwiratu, zisanachitike, kuti asatumize ndalama kapena chithunzi china, asafufute mauthenga chifukwa ndiwo umboni, auze munthu wamkulu amene amamukhulupirira, ndipo akhoza kuimba 116, nambala yaulere ya Childline, kapena kupita ku Victim Support Unit ya apolisi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphunzitsi kapena kholo limene lauzidwa nkhani yotere liyambe ndi kumuteteza, zokalipa zibwere pambuyo ngati zili zofunika.

Nkhani ya likeji, kutanthauza kubedwa kwa mapepala a mayeso, ndi yosavuta kuifotokoza chifukwa ana amaidziwa kale. Mu Okutobala 2018 unduna wa maphunziro unaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse pepala la masamu la Giredi 9 litafalikira pa intaneti. Nyengo ya mayeso ikayandikira, magulu a WhatsApp ndi Telegram olonjeza mapepala amabuka, ambiri ongofuna kudya ndalama za ana. Wolowa m'gulu lotere amasiyamo nambala yake, ndipo wolipira amasiya umboni wa malipiro. Zotsatira za mayeso zikhoza kufafanizidwa, zaka zonse za sukulu n'kupita pachabe.

Pa zandale m'pofunika kusamala polankhula ndi ana, kuti pofuna kuwateteza tisawatseke pakamwa. Mu 2021 boma linakhazikitsa lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo pa tsiku la chisankho, pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa mpaka khoti lalikulu litalamula kuti zitsegulidwe. Mu Disembala 2022 mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko unachotsedwa m'malamulo. Mu Epulo 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, olowa m'malo mwa lija la 2021. Boma linati cholinga chake ndi kuthana ndi akuba, ozunza anzawo ndi ofalitsa zolaula za ana. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula poyera kuti malamulowa akupereka mphamvu zochuluka zomvetsera ndi kufufuza zimene nzika zikulankhulana. Wophunzira wa sekondale ndi wamkulu mokwanira kumva mbali zonse ziwiri. Adziwe kuti ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake mlatho wa kwawo sunakonzedwe kapena mmene ndalama za chitukuko za CDF zayendera, komanso kuti kutukwana, kuopseza ndi kunyoza mtundu wa anthu ena kukhoza kumufikitsa kukhoti, ngakhale atabisala pa dzina labodza. Kumuuza kuti angokhala chete n'kumulanda unzika.

Za m'tsogolo n'zachidule. Kuyambira 2019 ofunsira chitupa cholowera ku United States amafunsidwa maina amene akhala akugwiritsa ntchito pa malo ochezera m'zaka 5 zapitazo. Mu 2017 yunivesite ya Harvard inalanda malo achinyamata osachepera 10 amene inali itawasankha kale, chifukwa cha zonyansa zimene ankatumizirana pa gulu la Facebook limene ankaliyesa lamseri. Olemba ntchito kuno kwathu nawonso amafufuza dzina la munthu asanamuitane. Komabe mapazi si oipa onse. Mnyamata amene amajambula mipando imene wapala, mtsikana amene amagulitsa nthochi, mtedza kapena uchi kudzera pa WhatsApp kwa makasitomala a ku Lusaka, akumanga dzina limene lidzamudyetsa. Cholinga cha phunziroli si kuthamangitsa ana pa intaneti, koma kuti chimene chili m'dzina lawo chikhale chimene iwo asankha.

Nanga sukulu zathu zakonzeka? Phunziro la Computer Studies linalowa m'masukulu ndi silabasi ya 2013, ndipo ambiri akukumbukira mayeso oyamba a Giredi 9 kumapeto kwa 2015, pamene m'masukulu ena ana anadikira mpaka usiku chifukwa makompyuta anali ochepa ndipo malaiti ankazimazima. Kuyambira pamenepo nkhani ya makompyuta m'sukulu yakhala nkhani ya zipangizo: alipo angati, magetsi alipo kodi. Maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022 anabweza ana ambiri m'kalasi, chinthu chabwino kwambiri, koma aphunzitsi akusenza makalasi odzaza. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ya Fomu 1 kupita m'tsogolo, yapereka mpata woganiziranso zimene tikuphunzitsa. Ine ndikuona kuti tachedwa chifukwa choyesa kuti phunziro la mapazi a pa intaneti likudikira chipinda cha makompyuta. Silikudikira. Likufuna foni imodzi, bolodi, ndi mphunzitsi amene ana samuopa.

Masukulu ambiri, makamaka a boding'i, amaletsa mafoni, ndipo pali zifukwa zomveka. Koma kuletsa si kuphunzitsa. Mwana amene foni yake yalandidwa m'temu amakaipeza ina pa holide, ali wosadziwa monga analili. Chimene chingagwire ntchito ndi kuchita ndi manja. Mphunzitsi atenge foni yake, aonetse kalasi mmene munthu amatulukira mu akaunti, ndipo mwana aliyense ayesere mpaka chizolowezi chikhazikike, poti kwa wobwereka foni limeneli ndilo luso loyamba. Aonetse mmene amasinthira pasiwedi imene wina anamusankhira, mmene amaikira pini yachiwiri pa WhatsApp kuti akaunti isabedwe, ndi chifukwa chake nambala imene yabwera pa uthenga siiuzidwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wa ku kampani ya mafoni. Atsegule pamene pali zilolezo za ma app, afunse ana kuti tochi ikufuniranji manambala a m'foni. Awaphunzitse kulemba pa fotokope ya reji ntchito imene yaperekedwera ndi tsiku lake, kupempha wa pa shopu kuti afufute mapepala awo iwo akuona, ndi kuchotsa memori khadi foni isanapite kwa wokonza.

Chilankhulo nachonso n'chofunika. Nkhani za manyazi, za chibwenzi ndi za mantha mwana amazifotokoza bwino m'Chinsenga kapena m'Chinyanja, osati m'Chingelezi cha mayeso. Timasewero timene makalabu a sukulu amachita pa nkhani za Edzi ndi maukwati a ana tingathenso kunyamula nkhani ya foni yobwereka. Ndipo mphunzitsi asachite manyazi kuti ana ena akudziwa foni kumuposa. Iwo akudziwa podina. Iye akudziwa anthu, ndi mmene wonyenga amalankhulira.

Chovuta kwambiri n'chakuti sukulu iyambe yadziyang'ana yokha. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limati zokhudza mwana zisagwiritsidwe ntchito popanda chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo limapatsa munthu ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga za iye, wozikonzetsa ngati zili zolakwika, ndi wopempha kuti zifufutidwe. Ku Ulaya ufulu wotere unatchuka mu 2014, khoti la European Union litagamula pa mlandu wochokera ku Spain kuti munthu akhoza kupempha Google kuchotsa zotsatira zina zonena za iye. Kwathu kuno lamulo lilipo, koma kholo la kumudzi silingathe kulondola kampani ya kunja, ndipo chimene chafalikira kale m'mafoni a anthu palibe khoti lingachibweze. Chitetezo chenicheni ndi kusaika poyera kuyambira pachiyambi. Tsono taonani zimene akuluakulufe timachita: mndandanda wa zotsatira, maina ndi malikisi, kuujambula n'kuuponya pa gulu, maina a amene sanalipire za boding'i, ana amasiye atafoletsedwa kulandira nsapato kapena zofunda, nkhope zawo pa tsamba la bungwe lothandiza, pansi pake palembedwa za umphawi wawo, mwinanso za matenda a makolo awo, kanema wa mwana akulephera kuwerenga Chingelezi, woikidwa kuti anthu aseke. Mwana ameneyo adzakula, adzafunsira ntchito, adzakwatira, ndipo kanemayo adzakhalapobe. Mphunzitsi amene amachita zimenezi sangaimenso patsogolo pa kalasi n'kuphunzitsa za kusamala.

Sukulu payokha siingathe, chifukwa foni imagona kunyumba. Kwa Ansenga malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndipo kawirikawiri ndi iye amene ali ndi foni yaikulu. Akhale woyamba kukumbutsa mphwake kutuluka mu akaunti, m'malo mofufuza mauthenga ake mobisa. Alangizi amene amalanga atsikana akatha msinkhu akhala akuphunzitsa za kudzisunga ndi kusunga chinsinsi kuyambira kale. Lero mwambo umenewo uli wosakwanira ngati sutchula foni ndi kamera. Mawailesi a m'dera, PASME ndi Explorers ku Petauke, Valley FM ku Nyimba, amafika kumene ZICTA siingafike ndi misonkhano, ndipo amalankhula chilankhulo cha agogo amene amapereka pini pa kapepala. Mafumu a m'derali, kuyambira kwa a Kalindawalo mpaka kwa a Ndake, ali ndi mawu amene anthu amawamvera, ndipo bwalo ngati la mwambo wa Tuwimba ndi malo oyenera kunenapo kuti wofalitsa chithunzi cha mwana ndiye wolakwa, osati mwanayo.

Kwa ahedi ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi a ku Petauke ndi ku Nyimba, pempho langa ndi ili: temu ino isanathe, khalani pansi mutsegule tsamba la sukulu yanu ndi magulu ake a WhatsApp, muchotse chithunzi ndi mndandanda uliwonse umene ungachititse mwana manyazi, ndipo mugwirizane kuti kuyambira tsopano mwana ndi kholo lake azifunsidwa asanajambulidwe. Sankhani mphunzitsi mmodzi wamkazi ndi mmodzi wamwamuna amene mwana woopsezedwa angawafikire popanda kukwapulidwa kapena kuchotsedwa sukulu, ndipo mulengeze maina awo pa asembule. Kenaka lembani 116 ndi penti pa khoma limene ana onse amadutsapo.